Kodi Maliro a ku Wakanda Anatalika?

Pa 11 November 2022 kampani ya Marvel ya ku America inatulutsa kanema wochedwa Black Panther: Wakanda Forever, ndilo gawo laciwiri la nthano ya Wakanda, dziko longopeka la mu Africa limene silinasenzepo goli la atsamunda. Pokonza kanemayu panapita madola a ku America osacepera 200 miliyoni, ndipo oonerera a pa dziko lonse analipira pa makomo ndalama zokwana madola 859 miliyoni. Kwa ife olima cimanga ndi nshawa ziwerengero zotere zingocititsa cizungulire, komabe zokolola zimenezi zinacepa poyerekeza ndi za gawo loyamba la mu 2018, limene linatuta madola oposa 1,300 miliyoni. Matamando naonso anacepa, ndipo nkhani yathu sabata lino ndi ya matamandowo: anawacepetsa ndani, pa zifukwa zotani, ndiponso ngati munthu wa ku Vubwi, Sinda kapena Katete ayenera kuvomereza ciweruzo cimeneco.

M'maiko mmene muli nyumba zambiri za kanema muli anthu amene amadyera kupenda makanema. Iwowa amaitanidwa kukaona kanema watsopano anthu wamba asanamuone, nalemba maganizo ao m'manyuzipepala, ndipo mau ao amatha kudzaza mipando kapena kuisiya yopanda anthu. Pali mabungwe awiri ochuka amene amasonkhanitsa ziweruzo zimenezi. La Rotten Tomatoes linapeza kuti pa openda 100 alionse, 96 anayamikira gawo loyamba, koma pa gawo laciwiri oyamikira anangopitirira pang'ono 80. La Metacritic, limene limapereka malikisi monga mphunzitsi, linapatsa gawo loyamba 88 pa 100, laciwiri 67. Pa mphotho za Oscar, zimene zili zazikulu koposa m'nchito imeneyi, gawo loyamba linapikisana pa mphotho 7, kuphatikizapo ya kanema woposa onse wa caka, nilitenga 3. Laciwiri linapikisana pa 5, nilitenga imodzi yokha, ya zovala, mu March 2023. Mwana akabwera ku sukulu ndi 67 pamene mkulu wace anabwera ndi 88, sitinena kuti walephera ai, koma pa khonde pamakhala mafunso.

Zimene openda anayamikira zinali zofanana pafupifupi kulikonse. Anatama Mai Angela Bassett, amene anasewera ngati Mfumukazi Ramonda, ndipo mu January 2023 maiyu analandira mphotho ya Golden Globe, kukhala woyamba kuilandira cifukwa ca kusewera m'kanema wa Marvel. Anatama Letitia Wright, amene ali Shuri mwana wa mfumukaziyo, ndi Tenoch Huerta wa ku Mexico, amene ali Namor mfumu ya anthu a pansi pa nyanja. Anatamanso Mai Ruth E. Carter, wosoka zovala, amene anatenga nzeru ku mabulangete a Abasotho, mikanda ya Amasai ndi zipewa za akazi a Cizulu. Mphotho ya mu 2023 inamcititsa kukhala mkazi wakuda woyamba kulandira Oscar kawiri. Madandaulo naonso anali ofanana. Anati kanemayu watalika, pakuti atenga mphindi 161. Anati muli nkhani zoculuka zosalumikizana bwino. Anati zithunzi zopangidwa ndi makina zili mu mdima. Ndipo ena anati cisoni calemeretsa kanema wa mtundu umene anthu amapitako kuti akasangalale.

Madandaulo atatu oyambawo tiwavomereza. Lacinai, la cisoni, ndilo tikana. Koma tisanafotokoze cifukwa cace, tikumbukire mmene kanema amafikira kuno kwathu. Ku Vubwi kulibe nyumba ya kanema ya mipando yofewa monga za ku Lusaka. Kanema amafika pa foni, pa kakhadi kosungira zithunzi, kapena m'kanyumba ka vidiyo pa msika, ndipo ambiri amafika atadzera ku Malawi, kumene anyamata ena amaika mau ao a Cicewa pamwamba pa Cingerezi, namasulira, naonjezeramo nthabwala zao. Kuona kanema ndi maso a kwathu sikunayambe lero. Mai Hortense Powdermaker wa ku America, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 nalemba buku la Copper Town, anapeza kuti anthu a m'migodi ankakonda baisikopo ya makauboyi, ndipo ngwazi iliyonse ya pa kavalo ankaichula kuti Jack. Boma la atsamunda linkadula zigawo zimene linkaziyesa zosayenera munthu wakuda, kotero kuti nthano inkafika yopanda mutu ndi mcira, koma oonerera ankailumikiza okha mokweza mau. Makolo athu amenewo sanadikire wopenda wa ku London kuti awauze cimene aona.

Kanemayu anabadwa pa maliro enieni. Chadwick Boseman, amene anasewera ngati Mfumu T'Challa m'gawo loyamba, anamwalira pa 28 August 2020 ndi khansa ya m'matumbo, ali ndi zaka 43. Anadwala zaka zinai osauza anthu, ndipo ngakhale Ryan Coogler, wotsogolera kanemayo, sanadziwe kukula kwa matendawo. Anali atalemba kale nthano ya gawo laciwiri, mfumu ili m'kati mwace. Kampani ikanatha kusankha munthu wina kuti avale dzinalo, monga amacitira eni ace a James Bond, ndipo okonda kanema ena anapempha zomwezo. Inasankha kuti mfumu ya m'nthano ife pamodzi ndi munthu amene anaisenza. Motero kanema ayamba ndi Shuri ali pakati pa makina ace, kuyesa kupanga mankhwala opulumutsira mlongo wace, ndipo asanatsirize, amai ace alowa kudzamuuza kuti watisiya. Anthu amene tikuwaona alikulira pamenepo anali kuliranso mnzao wa pa nchito.

Bokosi liyenda pakati pa mzinda, anthu onse atavala zoyera, ng'oma zilikulira, ena alikuvina. Kenaka nthano idumpha caka cathunthu. Ramonda atenga mwana wace usiku kupita naye ku mtsinje, akoleza moto, natentha zovala zace zoyera za pa maliro, ndiwo mwambo wa ku Wakanda wotsekera nyengo ya kulira. Shuri akana. Iye ndi munthu wa sayansi, sakhulupirira za mizimu, ndipo mumtima mwace muli mkwiyo umene aopa kuuyang'ana. Zovala zacezo akazitentha pa mapeto penipeni pa kanema, ali yekha m'mbali mwa nyanja ku Haiti, ndipo pamenepo ndipo pamene timuona alikulira momasuka. Nkhondo zonse, masitima onse ndi mikondo yonse zili pakati pa moto woyamba uja ndi waciwiriwu.

Mcewa aliyense aidziwa njira imeneyi. Maliro kwathu satha pa tsiku loika. Adzukulu akakwirira manda, anthu amagonabe pa siwa. Pakapita masiku owerengeka abale amameta. Ndipo pakapita miyezi, nthawi zina kufikira caka, amafulula mowa, nameta kaciwiri, gule natuluka ku dambwe ngati womwalirayo anali wa mwambo, kuti mzimu uperekezedwe kwa makolo ndi otsala amasuke. Ngakhale mabanja amene anasiya zimenezi cifukwa ca chalichi amasonkhanabe caka cikatha kudzavundukula ciliza. Akulu amadziwanso kuti wofedwa amene akana kumeta ali ndi mlandu mumtima, ndipo munthu wotere ndiye amayamba kufunafuna amene anamudyera mbale wace. Shuri ndi wotero ndithu. Pamene amwa mankhwala opatsa mphamvu za Black Panther nalowa m'dziko la mizimu, sakumana ndi amai ace kapena mlongo wace monga anayembekezera. Akumana ndi Killmonger, msuwani wace wa mtima wa kubwezera, amene anali mdani m'gawo loyamba. Wolemba nthanoyi anadziwa kuti cisoni cosalongosoka cimasanduka lipanga. Tsono wopenda amene anena kuti cisoni calemeretsa kanema afanana ndi mlendo amene alowa m'nyumba nadandaula kuti mzati watsekereza njira, osadziwa kuti denga lonse latsamira pomwepo.

Za Ramonda tinenepo pang'ono. Openda anamuona ngati mai wolira ana ace, ndipo sanalakwe. Koma amene amapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi, adziwa dzina la Nyangu, mai wa ufumu, amene m'mimba mwace mumacokera mafumu. Mau a mai wotere sacepa pa bwalo. Pamene Ramonda aima pamaso pa akulu a mitundu ya Wakanda navula udindo kazembe wa nkhondo Okoye cifukwa cotaya mwana wa mfumu, cimene tiona ndi mlandu woweruzidwa poyera, wolakwa atapatsidwa mpata wa kudziteteza, ndipo ciweruzo cowawa cigwera munthu wokhulupirika. Okoye ameneyu ndi Danai Gurira, amene anakulira ku Harare. Pa mipando ya akuluwo pakhalanso Zawavari, ndiye Mai Connie Chiume, wobadwira ku Welkom ku South Africa mu 1952, amene bambo wace anacokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay ku Malawi, mmodzi wa amuna ambirimbiri a ku Nyasaland amene anatsikira kumwera. Pa cinthu cimodzi cokha Awakanda asiyana nafe, ndipo citiseketsa. Pa mapeto ationetsa kamnyamata, mwana wa T'Challa amene Nakia anamlera mobisa ku Haiti, ngati ndiye ciyembekezo ca mpando. Akulu a kwa Pembamoyo akanati mwanayo ngwa kwao kwa amace, ndipo wolowa ufumu adzacokera mwa Shuri.

Tsopano tibwere pamene openda ananena zoona. M'kati mwa nthano ya maliroyi analowetsamo kazitape wa ku America, Everett Ross, ndi mkazi wace wakale amene ali mkulu wa bungwe la CIA, ndipo awiriwa angokangana m'magalimoto ndi m'makhichini popanda cimene aonjezera. Analowetsamonso Riri Williams, mtsikana wa nzeru za makina wa pa sukulu ya MIT, amene pa ciyambi ali ndi nchito m'nthano, koma pambuyo pace angovala zida zacitsulo ndi kuuluka, cifukwa kampani inali kukonzekera sewero lace la pa wailesi ya kanema lochedwa Ironheart, limene linatuluka mu 2025. Uku ndiko kufika pa siwa ndi dengu la zitumbuwa zogulitsa. Za mdima nazonso n'zoona. Mzinda wa Talokan wa pansi pa nyanja, umene unayenera kutidabwitsa, uoneka ngati mudzi wa usiku wopanda mwezi, ndipo amene amaonera pa foni aona zocepa koposa. Tsoka lace linali lakuti patangopita masabata 5, pa 16 December 2022, panatuluka Avatar: The Way of Water, nalonso gawo laciwiri la nthano ina, mmene dziko la m'madzi liwala ngati masana, ameneyo anatuta madola oposa 2,000 miliyoni natenganso Oscar ya zithunzi za makina. Tisaiwale kuti zithunzi zimenezi sizidzipanga zokha. Kumbuyo kwace kuli anchito mazanamazana a pa kompyuta, ndipo m'caka comweco ca 2022 ambiri a iwo anadandaula poyera kuti Marvel imawapanikiza ndi nthawi yocepa ndi kusinthasintha maganizo. Mu September 2023 anchito otere a m'kampaniyo anavota kulowa m'bungwe la anchito la IATSE. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali colakwa cina cimene ife tiona kuposa mdimawo. Namor asefukiza madzi mu mzinda wa Wakanda, ndipo Ramonda amira populumutsa Riri. Apa pagwa mai wa mtundu wonse, munthu amene wanyamula theka loyamba la kanema. Maliro ace angodutsa m'mphindi zocepa, cifukwa Namor wapereka sabata limodzi lokha ndipo okonza kanema afulumira kukasula zida zatsopano za nkhondo yotsiriza ya pa sitima, nkhondo yofanana ndi zina zambirimbiri zimene tinaziona kale. Kwathu mfumu siikidwa cothamanga. Ngati panali pofunika kudula, mpeni ukanagwera pa sitimayo ndi pa akazitape aja, ndipo mphindi zopulumutsidwazo zikanapatsidwa kwa Ramonda. Maliro a ku Wakanda sanatalike, aciwiriwo anafupika.

Nkhani ina imene openda ambiri anaidutsa msanga ndi ya mgodi, ndipo imeneyi itikhudza ife koposa iwo. Cuma ca Wakanda ndi citsulo copeka cochedwa vibranium. Kumayambiriro kwa kanema Ramonda aitanidwa ku msonkhano wa United Nations ku Geneva, kumene nthumwi za America ndi France zimdzudzula kuti dziko lace likana kugawana citsuloco ndi maiko ena. Iye ayankha polowetsa m'bwalomo asilikali aganyu olankhula Cifalansa, omangidwa manja, amene anagwidwa alikuyesa kuba pa malo a Wakanda ku Ansongo m'dziko la Mali. Cigawo cimeneci cinapweteka anthu enieni. Asilikali a France anali atangocoka m'Mali mu August 2022, ndipo mu February 2023 Bambo Sébastien Lecornu, amene panthawiyo anali nduna ya asilikali ku France, anadzudzula poyera kanemayu kuti wanamizira ankhondo a dziko lace. Si kawirikawiri kuti nduna ya dziko lalikulu iyankhe nthano ya anthu ouluka.

Koma atatha kuloza cala molimba mtima cotero, kanema apotoloka. Anthu a Namor ndi zidzukulu za Amaya a ku Yucatán amene anathawira m'nyanja m'zaka za m'ma 1500, pothawa nthomba ndi ukapolo umene Asipanya anabweretsa. Naonso ali ndi vibranium, naonso aopa alendo omwewo. Mitundu iwiri imeneyi, imene mdani wao ndi mmodzi, ndiyo iphana kufikira mapeto, pamene ofuna citsulo aja akhala m'maofesi ao, atangotaya anthu ocepa a pa sitima yofufuza ya pa ciyambi. Olemba owerengeka anafunsa cifukwa cace. Ife tiganiza kuti yankho lili pa khomo lolipirira: kampani imene igulitsa matikiti ambiri ku America singathe kuonetsa Wakanda alikumenyana ndi America. Komabe, kaya anafuna kaya sanafune, okonza kanemayu anajambula cinthu cimene cinacitikadi m'cigawo cathu cino.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunamveka mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Mjeremani wina wa malonda, Carl Wiese, ananena kuti mfumu ya Angoni inampatsa cilolezo ca dzikolo, ndipo cilolezo cimeneco cinafika m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inapatsidwa malo okwana masikweya mailosi 10,000. Mu January 1898 ankhondo anacokera ku Nyasaland kudzathyola Angoni. Olamulira anali Angerezi, koma ambiri mwa onyamula mfuti anali anthu akuda anzathu, pamodzi ndi Asikh a ku India. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo golide woculuka uja sanapezeke. Kampani inatsala ndi nthaka, ndipo m'zaka zotsatira anthu ambiri anasunthidwa kupita m'malo opanikizana. Eni ace a masheya ku London sanamve kununkha kwa wonga.

Golide wocepa amene alipo ndi amene anthu a ku Vubwi amasefa m'mitsinje ndi kukumba m'maenje masiku ano. Mu 2020 kampani ya ZCCM-IH inayamba nchito yogula golide kwa okumba ang'onoang'ono, ndipo Vubwi inali pakati pa maboma amene anachulidwa pa nchitoyo, colinga cace cikhale cakuti cumaco cisamangotuluka mobisa pa malire, pakuti bomali lagundana ndi Malawi ndi Mozambique. Pa mlingo waukulu, mu December 2022, mwezi umodzi cabe kanemayu atatuluka, maiko a Zambia, Congo ndi America anasainirana cikalata ku Washington ca kugwirizana pa nchito yopanga mabatire a magalimoto a magetsi, amene amafuna mkuwa ndi kobalti wa maiko awiri a mu Africawa. Funso limene Ramonda anafunsidwa ku Geneva lifunsidwa kwa ife m'maofesi enieni. Yankho la kanema, lakuti bisani mgodi ndi kuulonda ndi mikondo ya matsenga, silingathandize mnyamata amene waima m'madzi tsiku lonse ndi beseni, amene madzulo amva mtengo kucokera pakamwa pa wogula yekhayo amene wafika ndi sikelo. Koma muli cinthu cimodzi m'nthanoyi cimene oonerera athu angacitole. Mphamvu ya Wakanda siili m'mwala wokha ai. Ili m'nyumba ija imene Shuri agwiramo nchito, mmene mwalawo usandulizidwa zipangizo ndi ana a dziko lomwelo. Palibe pamene tiona vibranium ilikukwezedwa pa malole kupita ku doko.

Nanga Zambia anapezapo ciani pa phwando limeneli? M'gawo loyamba zithunzi zina za m'mlengalenga zinajambulidwa kuno, pamodzi ndi ku South Africa ndi ku Uganda. Pa gawo laciwiri, kanema wamfupi woitanira anthu amene anatuluka mu October 2022 anayenda ndi nyimbo ya Never Forget ya Sampa Tembo, wodziwika kuti Sampa the Great, amene anaimba pamodzi ndi Chef 187, Tio Nason ndi Mwanjé pokumbukira oimba a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970. Anthu mamiliyoni amene sanamvepo za Paul Ngozi kapena gulu la WITCH anamva kulira kwa nyimbo ya kwathu, ndipo zimenezi n'zonyaditsa. Koma kanema weniweniyo anajambulidwa makamaka ku Atlanta ndi ku Boston, nyimbo zambiri za m'kati mwace zinacokera ku Nigeria, South Africa ndi Mexico, ndipo cikondwerero ca kumuonetsa koyamba mu Africa cinacitikira ku Lagos. Africa wa m'kanemayu ndi wosokedwa ndi zigamba: cinenero ca Cixhosa, cipewa ca Cizulu, bulangete la Cisotho. Cisoti cotere n'cokongola, koma mwini wace ali ku California.

Amene afuna kuona mmene mwana wa dziko lino amajambulira maliro afunefune On Becoming a Guinea Fowl, kanema wa Mai Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, amene anatipatsanso I Am Not a Witch mu 2017. Mulibe anthu ouluka kapena mizinda ya pansi pa nyanja. Muli nyumba ya maliro, azakhali okwawa ndi maondo, atsikana ophika usiku wonse, mkazi wamasiye woimbidwa mlandu, ndi cinsinsi coipa ca womwalirayo cimene banja lifuna kukwirira pamodzi ndi mtembo. Mu May 2024 ku Cannes m'dziko la France, Mai Nyoni analandira mphotho ya wotsogolera wabwino m'cigawo ca Un Certain Regard, imene anagawana ndi Roberto Minervini wa ku Italy. Openda a m'manyuzipepala omwe aja anamtama kwambiri, ndipo pamenepo sanadandaule kuti maliro atalika. Cioneka kuti cimene cinawavuta pa Wakanda si cisoni ceniceni, koma kucipeza m'nyumba imene anazolowera kupezamo phokoso.

Gawo lacitatu lilikukonzedwa. Mu November 2024 Denzel Washington anaulula kuti Coogler alikumlembera mbali yoti akasewere m'menemo. Mai Connie Chiume sadzakhalamo, pakuti anamwalira ku Johannesburg pa 6 August 2024 ali ndi zaka 72, ndipo mpando wa Zawavari pa bwalo la akulu a Wakanda uli wopanda munthu.